Pepala Lopinda Katatu

Usiku wa ku Lens sukudanso bii, Gaétan.
Pali kakuwala kotuluka pansi pa bulangeti lako,
kamakwera pachibwano, n'kukakhala m'maso.
Ndikadzidzimuka pakati pa usiku
ndimapeza chala chako chikupalasa galasi,
kupalasa, kupalasa,
ngati nkhuku yofuna njere pa simenti.

Dzanja lomwelo linagwira mtengo wa mbendera yofiira
zaka makumi atatu ndi ziwiri,
mvula ya Meyi ikulowera m'khosi mwa jekete.
Bambo ako anatsokomola malasha mpaka kumanda.
Iwe unaumba matayala mpaka tsiku lija
anakhoma loko pachipata cha fakitale,
makina n'kuwakweza m'malole usiku.
Chipani chathu chinatumiza kalata.
Kalata basi.
Dzina lako analilemba molakwika.

Kenako kunabwera mnyamata wa m'foni,
wa tayi yopyapyala, mano oyera mbee,
woti sipanala sanaigwirepo,
koma chilonda chako anachitchula dzina.
Poyamba unkamuseka.
Unkati, Maryvonne, tamvera chitsiru ichi.
Chitsirucho chinaitana chinzake,
chinzake chinabwera ndi khumi,
foni n'kuidziwa njala yako kuposa ine
amene ndakuphikira moyo wonse.
Amati bodza lilibe mwendo.
Ili lili ndi batire.

Lachisanu Mouloud anabwera kudzabwereka makwerero.
Mouloud yemwe uja, anakubereka kumsana
tsiku lomwe lamba wa makina anakudya zala ziwiri.
Unalankhula naye chitseko chili chotsegula pang'ono,
katcheni kali chikolekere.
Atapita unati, iyeyu alibe vuto, ndikunena enawo.
Enawo ndani?
Unandionetsa kanema: moto, anthu akuthamanga,
mzinda womwe sunaupondepo,
chaka chosadziwika.

Sindikudziyeretsa ayi.
Nane kagalasi kanga ndili nako.
Kukhitchini, mbatata zikuwira,
kamandinong'oneza kuti anthu onga iwe ndi zilombo.
Ndimavomera ndi mutu, ndimadina kamtima,
kenako ndimakuthirira msuzi m'mbale.
Solène, mwana wathu, watitaya tonse.
Akuti zipani ndi malaya a kaunjika,
fungo lake ndi limodzi.
Patebulo timangokamba za mphepo ndi mtengo wa dizilo,
masipuni akutiyankhira.

Lamulungu la chisankho ndinali m'gulu lowerenga mavoti
m'holo ya sukulu ya mkaka,
timipando ta ana tikutipweteka mawondo.
Kutsegula envelopu, kutchula dzina, wina kulemba kandodo.
Kutsegula, kutchula.
Ndiye ndinalipeza:
pepala lopinda katatu, ngodya imodzi yopindira m'kati,
mmene umapindira malisiti,
mmene unapindira kakalata kaja
unandiponyera m'basi ya ku Béthune tili ana.
Zala zinauma gwa.
Mayi Delcroix anati, tatsegulani, kunja kwada.
Ndinatsegula.
Dzinalo ndinalitchula mokweza,
ndi mawu wamba, oitanira mphaka,
ndipo kandodo kanagwera uko kanagwera.
Mwina silinali lako.
Amuna opinda katatu angakhalepo ambiri.

Ndinabwerera wapansi,
milu ikuluikulu yakuda ya m'migodi ikundiyang'ana,
milu yomwe agogo athu ndi a Mouloud anaunjika limodzi,
ngolo ndi ngolo,
popanda wowajambula.
Pampanda ndinaona makwerero athu
atatsamira mbali ya kwa Mouloud.
Sindinafunse amene anawaolotsa.

Unali pakhonde, wopanda chipewa, m'chisanu,
foni ikunjenjemera m'thumba la shati
pamwamba penipeni pa mtima.
Unandiyang'ana ngati kale,
ngati pamene tinkadikira zotsatira pa wailesi imodzi,
n'kufunsa kuti, tapambana?

Ndinakhala pasitepe.
Ndinamasula chingwe cha nsapato pang'onopang'ono,
kenako chinacho,
ndikufufuza m'mutu monse
kuti ife ameneyu ndi ndani.